Musamangoti tizilombo tija tinalephera, tawerengani kaye

Alimi anzanga, makamaka inu a madamu a nsomba ndi othirira madimba kuno ku Blantyre, namasupuni mukumudziwa. Anachokera ku South America, ndipo akawunjikana pa Shire kuja ku Nkula magetsi amavuta, komanso ndi cha komweko pa Walker's Ferry pomwe amapopa madzi omwe timamwa mtauni muno. M'ma 1990 mu Shire anaikamo tizilombo totchedwa Neochetina, tokhala ngati anankafumbwe, kuti tizimudya. Musaope, chakudya chake ndi namasupuni basi, osati chimanga chanu.

Chimandiwawa ndi chakuti munthu amangoima pamtunda, kuona pali biliwiri, basi wagamula kuti tizilomboto palibe chomwe tikuchita. Masana mungatione bwanji poti timadya usiku? Dzuwa likatuluka timakabisala pansi pomwe masamba akumana.

Ndiye pangani chonchi. Khomani chikhomo malo atatu m'mbali mwa damu, mwezi uliwonse muzibwera pomwepo osasintha, muzule zomera 10 pamalo aliwonse, osasankha zofooka zokhazokha ayi. Kanulani masamba pakatipo muwerenge tizilombo tomwe mwapeza, kenako tengani tsamba lachiwiri kuchokera pa lanthete lija muwerenge tizipsera ta pomwe tizilomboto tadya, timakhala tating'ono ngati wina wakanda ndi singano. Phesi lalitali kwambiri muliyeze ndi rula ya mwana wasukulu.

Koma chenicheni chili mkati mwa phesi. Ling'ambeni ndi lezala kutsika mmunsi, mukapeza kanjira kakuda konyowa ndi kamphutsi koyera, kamwana ka tizilombo tija, sangalalani, chifukwa mphutsizi ndi zomwe zimapha, zimaboola mpaka pamtima pa chomera madzi nkulowa, chiwole, chimire. Ku mizu nako yang'anani, zimakadzikulunga kumeneko m'madzi zisanasanduke tizilombo tatikulu.

Zonsezi lembani m'kope ndi deti lake, mujambulenso ndi foni mutaima pachikhomo chomwecho. Kope limenelo ndi lomwe mudzaonetse alangizi a za nsomba akabwera.

Mu June ndi July manambala akatsika musataye mtima, kukazizira tizilomboti timachita ulesi kuswana. Ntchito yake ndi ya zaka, osati sabata ziwiri. Chizindikiro choti zikuyenda ndi mapesi kufupika, masamba kuchepa, madzi kuyamba kuoneka pakati. Mukaona tizipsera tilipo tambiri koma namasupuni akungonenepabe, tayang'anani zomwe zikulowa m'damumo, zonyansa za m'zimbudzi, ndowe za m'khola kapena feteleza wokokoloka kumunda, zimenezo zimamukulitsa msanga kuposa mmene tizilombo tingadyere. Ndipo pozula ndi manja musiyeko kachigawo kamodzi pakona kuti tizilombo tikhale ndi pokhala, chifukwa njere zake zimagona m'matope zaka zambiri, adzameranso ndithu.