Madzi, magetsi ndi intaneti zilowere pati m'nyumba imene mukumanga ku Blantyre?

Ambiri amene muli kunja mukumanga nyumba kwathu kuno kudzera pa WhatsApp. Mumatumiza ndalama kuchokera ku Joni, ku Leeds kapena ku Dublin, achimwene kapena alamu n'kumakujambulirani mmene ntchito ikuyendera: maziko akumbidwa, khoma lafika pa mawindo, malata akhomedwa. Koma funso limodzi silifunsidwa kawirikawiri, pomwe nthawi yake ndi yochepa kwambiri: kodi paipi ya madzi, waya wa magetsi ndi chingwe cha intaneti zidzalowera pati? Yankho lake limafunika silabu isanathiridwe.

Ndinaziona ndi maso pa nyumba ya achemwali anga ku Chigumula, iwo ali ku Mangalande. Nyumba inatha bwinobwino, matailosi oyera, penti wonunkhira. Kenako wamagetsi anabwera ndi hamala ndi tchizulo n'kuboola khoma la pabalaza. Patapita sabata pulambala anaswa khonde lakuseri kuti paipi ipite kukhitchini. Mabowowo anawatseka ndi mapepala a matumba a simenti, n'kumata pamwamba. Dzinja lotsatira ndinatsegula kabati ya pansi pa sinki, ndinapeza kamzere ka dothi lofiira kakukwera motsatira paipi ija mpaka m'matabwa. Chiswe. Thabwa lam'munsi ndinangolikanikiza ndi chala, chala n'kulowa. Nditawaimbira foni, achemwali anakhala chete nthawi ndithu, kenako anangoti, "Achimwene, ndalama zija ndinazipeza movutika." Mawu amenewo ndi amene andilembetsa izi.

Amene muli ku Germany mwina mwaonapo chipangizo chimene amachitcha Mehrspartenhauseinführung. Ndi chitsulo kapena pulasitiki yolimba yokhala ndi mabowo angapo, nthawi zambiri anayi, chimene amachikwirira m'khoma kapena m'silabu pomanga. Bowo lina ndi la madzi, lina magetsi, lina gasi, lina lamya ndi intaneti, ndipo lililonse lili ndi mphira wothina woti madzi a pansi kapena gasi zisalowe m'nyumba. Ku Britain amayala mapaipi odutsitsiramo zinthuzi osiyana mitundu: a buluu ndi a madzi, achikasu ndi a gasi. Munthu ukaona zimenezi mtima umafuna kugula n'kuika m'kontena limodzi ndi mipando.

Malangizo anga ndi akuti musagule. Chipangizo chija anachipangira nyumba za m'mizinda imene gasi amayenda m'mapaipi a mumsewu ndipo magetsi amabwera pansi. Ku Blantyre gasi timagula m'masilinda. Magetsi a ESCOM m'madera ambiri amachokera pa pholo, m'mwamba. Mita ya Blantyre Water Board imakhala panja, chakumpanda, ndipo kuchokera pamenepo paipi ndi udindo wanu. Mudzalipira sitima, mudzalipira msonkho ku MRA, kenako mmisiri amene sanachionepo adzachitembenuzatembenuza n'kuchisiya m'stolo. Chofunika kutengako ndi nzeru yake: zonse zilowe malo amodzi osankhidwa kale, chilichonse m'njira yakeyake, potsekedwa bwino. Zimenezi zimatheka ndi mapaipi a PVC ogula ku Limbe kapena ku Ginnery Corner.

Pali nyumba imodzi yokha imene ndingavomereze kuti muwonongerepo ndalama pa zotsekera zamphira zochokera kunja: yomangidwa pamtsetse, imene chipinda china kapena galaja zalowa m'phiri, khoma lake n'kutsamira dothi. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, ndipo mapuloti otere ndi ambiri m'munsi mwa Soche, Ndirande, Michiru ndi Mpingwe. Amene tinaona mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa mmene nthaka ya kuno imamwera madzi mpaka kukhuta. Paipi yoboola khoma lotere ikangomatidwa ndi simenti, madzi adzapeza njira. Apa funsani injiniya, osati kapitawo yekha.

Kwa ena nonse, yambani ndi kusankha khoma. Mutume munthu akaime papuloti n'kujambula kanema woonetsa kumene kuli pholo la magetsi lapafupi, kumene paipi yaikulu ya madzi yadutsa, ndi mbali imene madzi a mvula amatsetserekera. Khoma lolowera likhale pafupi ndi msewu kapena ndi khitchini, koma lisakhale lakumtunda kumene madzi amagunda, ndiponso litalikirane ndi sepitiki thanki. Mkati mwa khomalo mukhale kachipinda kakang'ono kopita mphepo, kapena ngodya ya galaja, koikamo DB (bokosi logawira magetsi m'nyumba), inverter (makina osandutsa mphamvu ya mabatire kukhala magetsi a m'nyumba), mabatire ndi rauta ya intaneti. Vavu yotsekera madzi onse a m'nyumba ikhale chapafupi koma mbali yakeyake, m'munsi, kuti ikadontha isadonthere magetsi. Wojambula pulani alembe zonsezi papepala lisanapite ku Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre. Zimene zili papepala mmisiri amazilemekeza kuposa zimene mwamuuza pafoni usiku.

Tsopano mapaipi odutsitsira. Awa ndi mapaipi opanda kanthu mkati, oyalidwa pansi pa maziko kuchokera panja mpaka kutulukira m'kachipinda kaja, kuti paipi yeniyeni ya madzi kapena waya zidzangolowetsedwamo. Akhale otakasuka, monga a mamilimita 110 aja a zonyansa kapena ocheperako pang'ono pa intaneti. Pokhota pasakhale kona yakuthwa. Waya wokhuthala wa magetsi sapinda ngati chingwe, ndiye gwiritsani mabendi okhota pang'onopang'ono. Mu paipi iliyonse musiyemo chingwe cha nayiloni chodzakokera waya, ndipo kukamwa konse kuwiri kutsekedwe ndi zivundikiro pothira konkire. Apendekere kunja pang'ono, kuti madzi akalowamo atuluke okha.

Madzi ndi magetsi asakhale m'paipi imodzi, ngakhale mmisiri atanena kuti malo alipo. Chingwe cha intaneti ndi makamera nachonso chikhale payekha. Kuzama kwa ngalande ya waya, mchenga woyala pansi ndi pamwamba pake, tepi yochenjeza wodzakumba mtsogolo, ndi chitsulo cha earth (chokhomedwa m'nthaka choteteza ku ngozi ya magetsi), zonsezi asankhe ndi wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Muuzeni akutumizireni chithunzi cha chiphasocho musanamupatse ndalama yoyamba. Apitenso ku ESCOM msanga akamve mmene akufunira kulumikiza pamalopo ndi pamene mita ya mayunitsi idzakhale, chifukwa mwina mungafune kuti waya utsike papholo n'kuyenda pansi, iwo ali ndi malamulo awo pa zimenezo.

Apa ndiye ndikufuna mundimvetsetse: ikani mapaipi owonjezera awiri kapena atatu, ngakhale lero simukudziwa ntchito yake. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wautali ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi akavuta, mipope imauma. Tsiku lina mudzafuna thanki ndi pampu, ndipo pampu imafuna waya wake, thanki imafuna paipi yake yobwerera m'nyumba. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mabanja ambiri anathamangira sola ndi majenereta, mawaya n'kumadutsa pawindo. Onjezerani geti yoyenda ndi magetsi, nyali za pampanda, boys quarter imene mudzamange mukadzabwera. Paipi yopanda kanthu mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi kuswa matailosi.

Gasi yekha asayende njira imeneyi. Silinda ikhale panja, m'kakhola ka zitsulo kokhoma ndi loko, kopita mphepo, paipi yake n'kuboola khoma la khitchini pamwamba pa nthaka. Gasi wophikirayu ndi wolemera kuposa mpweya. Akatuluka amatsikira pansi, ndipo paipi yokwiririka yolunjika m'kachipinda ka mabatire ndi malo oipitsitsa oti akaunjikanemo.

Kutseka ndi kumene ambiri timalephera. Mankhwala a chiswe amathiridwa m'dothi silabu isanathiridwe, koma wina akadzakumbanso pambuyo pake, dothi lothira mankhwala lija lasokonezeka. Ndiye dongosolo likhale lotere: mapaipi ayalidwe kaye, dothi litsenderedwe, mankhwala athiridwe makamaka mozungulira pamene mapaipi atulukira, pepala la pulasitiki liyalidwe n'kumangidwa bwino pa paipi iliyonse, kenako konkire. Waya ndi paipi ya madzi zikadzalowa, mpata wotsala utsekedwe mbali zonse ziwiri ndi zomatira zosauma gwa, ndi kasefa kachitsulo kakunja chifukwa cha makoswe. Thovu lopopera lokha khoswe amalitafuna. Mapaipi osagwiritsidwa ntchito akhale ndi zivundikiro zothina.

Popeza simuli pamalopo, konkire isathiridwe musanaone ndi maso anu. Pemphani kanema wapompopompo, osati zithunzi zotumizidwa mawa lake. Woyang'anira ayike tepi yoyezera kuchokera pa kona ya nyumba mpaka pa paipi iliyonse, alembe ndi penti kuti iyi ndi ya madzi, iyi ya magetsi, iyi yosungira, ndipo akoke chingwe cha nayiloni inu mukuona kuti chikuyenda. Zithunzizo zisungeni pamodzi ndi mapepala a puloti. Adzazifuna mmisiri wina patapita zaka khumi. Ndalama ya simenti ya silabu muitumize zimenezi zitatheka. Akakuuzani kuti, "Bwana, zimenezo tidzaona nyumba ikatha," ayankheni mwaulemu kuti simenti idikire kaye masiku awiri, pulambala ndi wamagetsi abwere tsiku limodzi, aime pa ngalande imodzi ndi pulani m'manja.