Kasefedwe ka ndemanga za anthu musanagule buku la nthabwala la ulendo wa ku Australia

Ngati mukufuna buku la Bill Bryson lija la ulendo wake wa ku Australia, dziwiranitu kuti lili ndi mayina awiri. Ku Britain linatuluka ngati Down Under, ku America ngati In a Sunburned Country, koma ndi buku limodzi lomwelo la mu 2000. Nde posaka zomwe owerenga akunena lembani mayina onse awiri, apo bii muona theka chabe la ndemanga, kapenanso mugula kawiri mukumati mwapeza gawo lachiwiri.

Nyenyezi zija zomwe owerenga amapatsa buku pa mawebusayiti ngati Goodreads kapena Amazon musazidalire kwambiri. Buku la nthabwala vuto lake ndi loti chomwe chamusekesa mnzanu mpaka misozi inu chikhoza kungokudutsani osamva kanthu, ndiye munthu akalemba kuti ndaseka chikhakhali n'kuikapo nyenyezi 5, wakuuzani za iyeyo, za bukulo sanakuuzeni. A nyenyezi imodzi nawonso ambiri mukawawerenga bwino mupeza kuti amafuna buku lina, lowauza hotelo yogona, mtengo wa tikiti, msewu wodzera, pomwe ili ndi la bambo wobadwira ku Iowa yemwe wakhala zaka zambiri ku England, akungoyenda, kusochera, kumwa mowa m'ma bala ndi kudziseka yekha. Ine ndimathamangira kwa a nyenyezi 3. Amenewa ndi omwe amati apa ndinaseka koma apa ndinatopa, ndipo amatchula malo ake.

Kenako yang'anani kuti wolemba ndemangayo ndi wakuti. Apa mpomwe pagona nkhani. Munthu yemwe sanapondeko ku Australia amatuluka m'bukuli ali ndi mantha a njoka, akangaude, ng'ona ndi zoluma za m'nyanja, mpaka kulumbira kuti ine kumeneko ayi. Mwini dziko akawerenga zomwezo amangopukusa mutu, ena amaseka nawo, ena zimawanyansa kuti dziko lawo lonse lasanduka nkhani ya zinthu zakupha. Onse akunena zoona zawo. Zilombozo ziliko ndithu, koma tengani kangaude woopsa uja wa ku Sydney, funnel-web: mankhwala a ululu wake anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1981 ndipo chiyambireni palibe imfa yomwe inalembedwa kuti yachitika chifukwa cha iyeyo. Nde mukaona ndemanga ya mantha, dziwani kuti nthabwala zagwira ntchito, musakayimitse ulendo.

Dandaulo lomwe mulipeze mobwerezabwereza ndi loti pakati penipeni bukuli limatopetsa, munthu akungoyendetsa galimoto osafika. Eya, koma mukanatani? Dzikoli ndi la masikweya kilomita pafupifupi 7.7 miliyoni ndipo anthu ambiri anaunjikana m'mphepete mwa nyanja, mkatimo ndi chipululu. Sitima ya Indian Pacific yochoka ku Sydney kupita ku Perth imayenda makilomita 4,352, ndipo pa chigwa cha Nullarbor pali njanji ya makilomita 478 yongoongoka osakhota olo pang'ono. Kungochoka ku tauni ya Alice Springs kukaona Uluru, chimwala chachikulu chotchuka cha pakati pa dzikolo, ndi makilomita oposa 400 pa msewu. Wolemba aliyense wofuna kuti mumve kukula kwa dziko lotere sangachitire mwina, akuyenera kukuyendetsani mtunda wopanda kanthu, ndiye funso loti mudzifunse powerenga dandaulo lotere ndi lakuti kodi wodandaulayo watopa ndi kalembedwe kapena watopa ndi chipululucho. Akati nthabwala zake ndi zomwezomwezo, mutu uliwonse munthu akuledzera kapena kuopa kulumidwa, limenelo ndi dandaulo lenileni, lisungeni. Akangoti palibe chikuchitika, dutsani.

Ena amakwiya kuti amangopatuka kukamba mbiri yakale. Apa mukhoza kudziyesa nokha musanaononge ndalama. Mu Disembala 1967 nduna yaikulu ya dzikolo, Harold Holt, inalowa m'nyanja kukasambira pa Cheviot Beach ku Victoria, osabwerako, thupi silinapezeke mpaka lero, ndipo ku Melbourne kuli damu losambirira lomwe analitcha dzina lake pomukumbukira. Inanso: mu 1859 Thomas Austin anamasula akalulu 24 pa famu yake ku Victoria kuti azisaka, akaluluwo anaswana mpaka kudya msipu wa dziko, boma n'kumamanga mipanda ya makilomita masauzande kuwatchinga. Ngati nkhani ziwirizi zakupangitsani kufuna kumva zambiri, ndemanga zodana ndi mbiri sizikukhudzani. Ngati mwayasamula, amenewo ndi anzanu, amvereni.

Onaninso deti la ndemanga. Bukuli linatuluka chaka cha ma Olympics a ku Sydney, nthawi yomwe nduna yaikulu inali John Howard, anthu m'dzikomo ali cha m'ma 19 miliyoni, pano apitirira 26 miliyoni. Wina akalemba lero kuti zambiri ndi zachikale sakunama, koma si mlandu wa buku. Nthawi imeneyo alendo ankakwera pamwamba pa Uluru, zomwe zinaletsedwa mu Okutobala 2019 potsatira pempho la eni ake a Anangu, omwe anabwezeredwa malowo mu 1985.

Pa nkhani ya ma Aborigine, eni nthaka oyambirira a dzikolo, mpamene ndemanga zimagawikana kwambiri, ndipo apa werengani modekha. Ena amayamikira kuti wolemba anasiya kaye nthabwala n'kukamba za kuphedwa kwa anthu ndi za ana omwe ankalandidwa kwa makolo awo ndi boma mpaka cha m'ma 1970. Ena amati anangowaonera patali, anakamba za iwo koma mawu awo eni sakumveka mokwanira. Kwa ine dandaulo lachiwirili lili ndi mutu, ndipo ndemanga yomwe yalitchula ndimailemekeza kuposa khumi zongoti zoseketsa heavy. Kungoti kumbukirani kuti boma linapepesa za ana aja mu Febuluwale 2008 kudzera mwa nduna yaikulu ya nthawiyo Kevin Rudd, bukuli litatuluka kale, nde wina akamadabwa kuti bwanji silinatchule kupepesako, ameneyo sanaone chaka.

Zina ndi zongotaya msanga. Pamakhala ndemanga za nyenyezi imodzi zoti buku lafika mochedwa, chikuto chong'ambika, zilembo zazing'ono, kapena mawu a wowerenga pa audiobook sakundisangalatsa, zonsezi zimaponyedwa mu dengu limodzi n'kutsitsa nyenyezi pomwe sizikukhudza zolembedwazo. Ndipo mukaona wina wayamba kukopera nthabwala yonse, makamaka gawo lotchuka lija lomwe Bryson akumvera masewero a cricket pa wailesi ali m'galimoto, tsekani maso mudumphe. Nthabwala ukaimva kawiri imazizira, ndipo anthu amakopera zabwino zenizenizo.

Mukasefa mutsala ndi ndemanga mwina zisanu kapena zisanu ndi imodzi, yesetsani kuti pakhale ya wa ku Australia, ya mlendo yemwe anapitako ndi ya yemwe sanapiteko. Mukatero tsegulani masamba oyambirira aja omwe ogulitsa ma e-book ambiri amapereka ulere. Nkhani ya Holt ili koyambirira komweko, nde pofika tsamba la 10 mukhala mutadziwa kale ngati kaseketsedwe ka bamboyu kakukugwirani. Mukadzamaliza n'kufuna kulemba yanu, tchulani ngati munafikako ku Australia, ngati munawerenga kapena kumvera, ndi gawo lomwe munatopa nalo, nthabwala zake musakopere.