Magetsi ndi madzi zitasowa mwezi wathunthu, pakhomo panu mungapirire masiku angati?

Funso limeneli ndimakonda kuwafunsa anthu ndikamayenda m'makomo ku Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe, ambiri amayankha msanga kuti aaa tikhoza kupirira, koma tikakhala pansi nkuwerengetsera bwinobwino amangoti zii. Mabanja ambiri muno mu Blantyre pofika tsiku lachitatu ndiye kuti zavuta kale, chifukwa moyo wathu wa m'tauni ndi wogula tsiku ndi tsiku, ka walkman ka ufa, kajumbo ka makala, tomato wa pa mulu, mawa tionanso.

Sikuti ndikukuopsezani, izi tinaziona ndi maso athu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 anachoka ndipo kuthimathima kwa magetsi kunatenga kupitirira chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, tinaika m'manda abale athu ambirimbiri, nthawi imeneyo nkuti kolera amene anayamba mu 2022 asanathenso. Agogo a kuno amakumbukabe njala ya 1949.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri sadziwa. Madzi ambiri amene timamwa muno amachokera ku Walker's Ferry mu mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera mtunda wonsewo kuti afike kuno. Ndiye magetsi akathima nthawi yaitali, mpopi wanu ndi kiosiki ya pa kona zimauma limodzi, anthu nkuthamangira ku mtsinje wa Mudi kapena Nasolo kapena tizitsime ta m'mbali mwa zimbudzi, kolera amalowera pomwepo. Munthu akhoza kukhala masabata osadya mokwanira koma popanda madzi masiku ochepa chabe basi. Pa nthawi ya ngozi munthu mmodzi amafunika malita 15 patsiku akumwa, kuphikira ndi kusamba m'manja, ndiye banja la anthu 5 ndi zigubu za malita 20 pafupifupi zinayi tsiku lililonse. Madzi a mwezi wonse simungasunge m'nyumba ya lendi, ndikudziwa, koma zigubu zitatu kapena zinayi zotsekedwa bwino zizikhala zodzadza nthawi zonse, muzigwiritsa ntchito nkumadzadzanso kuti asagone nthawi yaitali. Chachikulu ndi kukhala ndi njira yoyeretsera madzi oipa. Botolo la WaterGuard kapena kolorini amene a zaumoyo amagawa lizikhala m'nyumba, thirani monga alembera pa botolopo nkudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala a matope sefani kaye ndi chitenje choyera. Kolorini akatha wiritsani mpaka abwate ndithu, ndipo makala akasowa, thirani madzi osefa m'mabotolo apulasitiki oonekera nkuwagoneka pa denga la malata maola 6 padzuwa, kukachita mitambo masiku awiri. Madzi a mvula a pa denga musamawaleke kungotayika.

Pamenepa ndionjezere za thanzi ORS. Mapaketi angapo azikhala m'kabati. Atatha, mu lita imodzi ya madzi otetezedwa ikani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, wotsegula m'mimba azimwa pafupipafupi uku mukupita naye kuchipatala.

Tsopano chakudya. Ambiri amati ine ndili ndi thumba la chimanga, inde thumba la 50 kg limatha kufikitsa banja lapakatikati mwezi, koma mukagaitsa kuti chigayo chili cha magetsi? Mtondo ndi munsi m'tauni muno zikusowa, atsikana ambiri sanasinjepo. Ndiye sungani zonse ziwiri, chimanga komanso ufa wouma bwino wa sabata ziwiri. Chimanga chiume mpaka chizilira mukachiluma, muike m'matumba a PICS amene amapha anankafumbwe chifukwa mpweya sulowa, mumange zolimba, ndipo thumba lisakhudze pansi kapena khoma, ikani pa thabwa kapena njerwa. Nthawi ya Freddy mabanja ena nyumba zinapulumuka koma ufa unanyowa chifukwa unali pansi.

Ndiwo ndi zimene timaiwala. Nthawi ya dzinja nkhwani, chitambe ndi bonongwe zimatchipa mpaka kuwola m'misika, gulani mufutse mfutso ngati mmene amachitira amayi athu kumudzi, kuwiritsa pang'ono nkuyanika. Usipa wouma, mtedza, nandolo, khobwe, makaka a chinangwa, mchere ndi machesi. Nyemba ndi zabwino koma zimadya makala, zinyikeni usiku kuti zipse msanga, ndipo mbaula ya chitetezo imathandiza chifukwa tinkhuni tochepa timakwana. Amene muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba dzalani mbatata ndi chinangwa pang'ono, opanda malo thumba lakale la simenti ndi dothi limabereka mpiru.

Sindikunena kuti mugule zonsezi lero, ndalama yake palibe ndikudziwa. Kapu imodzi ya ufa pambali sabata iliyonse, paketi ya mchere mwezi uno, chigubu mwezi wamawa. Ndalama zina zochepa zikhale za m'manja chifukwa netiweki ikagwa Mpamba ndi Airtel Money sizikuthandizani. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga musamadikire kuti botolo lithe, pitani pa tsiku limene anakupatsani, ndipo buku la kuchipatala ndi chitupa cha unzika muzikulunge m'jumbo pamalo amodzi poti mukhoza kungonyamula usiku.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Ku Chilobwe amene anayamba kufukula anthu m'matope anali aneba, ndi makasu ndi manja, thandizo lina lisanafike. Ndiye pa msonkhano wa banki mkhonde kapena wa kumpingo tengani mphindi zochepa mukambirane kuti mjigo wapafupi uli pati, ndani ali ndi sola yotchajira foni, ndani ali ndi wailesi ya mabatire, agogo ati kapena olumala ati amene adzafunika kuberekedwa, ndipo mukathawira sukulu iti kapena tchalitchi chiti. Amfumu ndi komiti ya za ngozi ya m'dera lanu adziwe zimene mwagwirizana. Inu amene mukukhala m'munsi mwa Soche, Ndirande kapena m'mphepete mwa mtsinje, a zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akachenjeza pa wailesi kuti kukubwera mvula yamphamvu, chokani kukadali kowala, musadikire kumva phokoso la miyala usiku.