Osamakhulupirira SD ya zipolopolo zisanu

Anzanga amene mumadzaza nokha zipolopolo kuno ku Lusaka, pali chizolowezi chimodzi chomwe chikutidyera wonga ndi ndalama. Munthu awombera zisanu pa chronograph, makina oyeza liwiro la chipolopolo, amuonetsa SD (standard deviation, muyeso wa mmene liwiro la zipolopolo likusiyanirana) ya 8 fps (mafiti pa sekondi), basi watumiza chithunzi pa WhatsApp kuti load (mlingo wa wonga ndi mtundu wa chipolopolo zodzazira) yapezeka. Sinapezeke akulu, zisanu ndi zochepa kwambiri.

Nkhani yake ili apa. SD yomwe makina akupatsani ndi ya zipolopolo zomwe mwawombera zokhazo, koma inu mukufuna kudziwa za load yonse, zana lomwe mudzadzaze mawa. Mukafuna kutsimikiza 95 peresenti, pa zisanu SD yeniyeni ili pakati pa 0.60 ndi 2.87 kuchulukitsa nambala yanu, ndiye kuti 8 uja akhoza kukhala 5 komanso akhoza kukhala 23, ndipo palibe njira yodziwira kupatula kuwombera zina. Pa zipolopolo 10 mpata umakhala 0.69 mpaka 1.83. Pa 20 ndi 0.76 mpaka 1.46, apa 8 wanu ali pakati pa 6 ndi 12, manje mukhoza kuyamba kulankhula. Pa 30 ndi 0.80 mpaka 1.34, mpata umachepa koma pang'onopang'ono, ndiye ine ndimati 20 ndi pabwino kuyimira poti ma primer, tizitsulo toyatsa wonga, ndi odula.

Chitani chonchi. Makesi, zigoba zothiramo wonga, akhale a mtundu umodzi, wonga wa botolo limodzi, sikelo muyicheke kaye musanayambe. Kuwombera musathamange, mpope ukatentha dikirani uzizire, ndipo chipolopolo osachisiya mu chamber (malo a chipolopolo m'mfuti) yotentha mukucheza, chimaphikika n'kutuluka ndi liwiro lina. Lembani liwiro la chilichonse m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi kutentha kwake, chifukwa m'mawa wa June ndi masana a October ndi nyengo ziwiri zosiyana ndipo wonga umamva zimenezo. Ngati chronograph yanu ndi ija ya masensa a kuwala, mtambo ukadutsa kapena dzuwa likapendeka manambala amatha kusokonekera, za radar ngati LabRadar kapena Garmin Xero vuto limeneli zilibe. Mukafika kunyumba ikani manambala mu Excel, fomula ya STDEV.S ikupatsani SD, foni yomwe imatha.

Chipolopolo chomwe chatuluka ndi liwiro loipa osachifufuta. Ichi ndiye chimandipweteka mtima kwambiri, anthu amachotsa ati chinali flyer, chongosokera mwangozi chabe, pomwe ndi chomwecho chikukuuzani zoona za load yanu. Chotsani pokhapokha mukudziwa chifukwa chake chenicheni, mwina makina sanawerenge bwino.

ES, kusiyana kwa chothamanga kwambiri ndi chochedwa kwambiri, imadalira zipolopolo ziwiri zokha ndipo imakula mukamawonjezera kuwombera. Pa zisanu imakhala cha m'ma 2.3 kuchulukitsa SD, pa 20 cha m'ma 3.7, load yomweyo osasintha kanthu. Ndiye wina akakuuzani ES yake mufunseni kuti anawombera zingati.

Poyerekeza ma load awiri ndi pomwe ambiri amagwa. Zisanu uku zisanu uko, SD imodzi iyenera kuposa inzake pafupifupi katatu kuti munene motsimikiza kuti akusiyana, 8 ndi 12 si umboni. Pa 20 iliyonse pamafunika cha m'ma 1.6. Muziwombera mosinthanasinthana, chimodzi cha A chimodzi cha B, kuti kutentha kwa mpope kugwere onse mofanana.

Ngati mumasaka nyama pa mamita 100 kapena 150, SD ya 10 ndi ya 15 simudzaona kusiyana pa target, zimayamba kuoneka pa mamita 500 kupita uko pomwe zochedwa zimagwa m'munsi. Ndipo chonde osapitirira mlingo wa wonga wolembedwa m'buku la opanga pofuna SD yokongola, primer ikaphwatalala kapena bolt yotsekera chamber ikayamba kulimba potsegula, siyani pomwepo.