Momwe mungamwere mankhwala mukaikidwa impso ina kuti thupi lisaikane

Munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito kuno kwathu amadalira makina osefa magazi, monga a ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Amene mwayi wamugwera amakwera ndege, kawirikawiri kupita ku India, kukaikidwa impso yomwe mbale wake wamupatsa. Abale amasonkha, mpingo umapemphera, ndipo tsiku lobwerera kumakhala nthungululu. Koma ntchito yosunga impso ija imayamba tsiku lomwelo, ndipo ili m'manja mwa wodwalayo ndi omusamalira pakhomo.

Chitetezo cha m'thupi chimaona chiwalo chatsopano ngati mdani, ngakhale chichokere kwa mchemwali wanu wa bere limodzi. N'chifukwa chake mumapatsidwa mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezocho, oti muzimwa masiku onse amene chiwalocho chili m'thupi mwanu. Akachepa, thupi limakana impso. Akachuluka, matenda amalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Mu 1967 dokotala Christiaan Barnard atachita opaleshoni yoyamba yoika mtima wa munthu mwa munthu wina ku Cape Town, wodwalayo anakhala masiku 18 okha. Mtima unkagwira ntchito, chomwe chinamupha ndi chibayo, poti chitetezo chake chinali chitafooketsedwa kwambiri. Lero mankhwala ndi abwinopo, koma maenje awiriwa, kuchepa ndi kuchuluka kwa mankhwala, akadalipo. Zomwe zili m'munsimu zikukhudzanso amene anaikidwa chiwindi kapena mtima.

1. Dziwani mayina a mankhwala anu

Kunena kuti "kapisozi woyera uja" sikungakuthandizeni tsiku lomwe mwagonekedwa pachipatala cha kuboma. Odwala ambiri amamwa mitundu itatu: tacrolimus kapena ciclosporin, mycophenolate kapena azathioprine, ndi prednisolone. Lembani dzina, mlingo wake m'mamiligalamu ndi nthawi yomwera m'kabuku kanu ka kuchipatala, kenaka mujambule tsambalo pafoni. Wina wapakhomo azidziwenso.

Chenjerani ndi tacrolimus. Alipo wakumwa kawiri patsiku, monga Prograf, ndipo alipo wakumwa kamodzi, monga Advagraf. Siwofanana. Ku famase akakupatsani bokosi lachilendo n'kukuuzani kuti "ndi omwewo", funsani kaye dokotala wa impso, chifukwa kusintha mtundu kumafuna kuyezanso magazi.

2. Sungani nthawi

Mankhwala akumwa kawiri amafuna maola 12 pakati pake. Mukasankha 7 koloko m'mawa, madzulo ikhalenso 7 koloko, kaya muli kumaliro, kaya muli m'basi. Tcherani alamu pafoni. Pobwera kuchokera ku India kumbukirani kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, choncho musananyamuke funsani madokotala momwe mungasunthire nthawi yanu.

Chakudya chimachepetsa tacrolimus amene amalowa m'magazi. Njira yabwino ndi kumwa kutatsala ola limodzi kuti mudye, kapena patadutsa maola awiri kapena atatu mutadya. Chachikulu n'chakuti muzichita chimodzimodzi tsiku lililonse. Mezani kapisozi wathunthu ndi madzi, osatsegula kapena kutafuna.

Mukaiwala, musabwezere pomwa mlingo wowirikiza. Funsiranitu kwa dokotala wanu kuti mukachedwa ndi maola angati mungamwebe, ndipo yankholo mulilembe m'kabuku muja. Mukasanza mutangomwa kumene, kapena ngati chilichonse chikubwerera, imbani foni tsiku lomwelo. Prednisolone ndiye osamusiya mwadzidzidzi ngakhale pang'ono: thupi limakhala litamuzolowera, ndipo kumudula kamodzin'kamodzi kungakugwetseni.

Pali mayesero amene amabwera pakatha chaka kapena ziwiri. Thupi labwerera, mukulima, mukupita kuntchito, ndiye mtima umayamba kunena kuti mwachira. Ena amauzidwa kumapemphero kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Ndikupempheni ndi mtima wonse, pempherani uku mukumwa. Impso ikayamba kukanidwa nthawi zambiri siipweteka, ndipo pomwe mudzazindikire ingakhale itaonongeka kale.

3. Yezetsani magazi m'njira yoyenera

Popeza thupi silichenjeza msanga, magazi ndiwo amanena zoona. Madokotala amayang'ana creatinine, yemwe amaonetsa momwe impso ikusefera, komanso kuchuluka kwa tacrolimus kapena ciclosporin m'magazi. Apa ambiri amalakwitsa. Magazi oyeza tacrolimus amatengedwa musanamwe mlingo wa m'mawa, patadutsa maola pafupifupi 12 chimwereni wa madzulo. Tengani mankhwala m'thumba, akakutengani magazi ndiye mumwe. Mukamwa kaye kunyumba, zotsatira zidzaonetsa ngati mankhwala achuluka, dokotala adzachepetsa mlingo, ndipo impso idzakhala pangozi. Ngati mwaiwala n'kumwa, nenani, palibe chochititsa manyazi.

Muziyezetsanso shuga ndi BP, poti tacrolimus ndi prednisolone amakweza zonse ziwiri. Manja kunjenjemera kwambiri, mutu wosatha, kapena nkhama kutupa kwa amene akumwa ciclosporin, zonsezi kauzeni dokotala. Musachepetse mlingo nokha.

4. Musamwe mankhwala ena musanafunse

Gawo ili ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mankhwala amene amasemphana ndi tacrolimus ndi omwe timakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Rifampicin, yemwe ali m'mapilitsi a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya tacrolimus ndi ciclosporin mofulumira kwambiri, moti amatsala ochepa m'magazi ngakhale mukumwa mokhulupirika. TB iyenera kuchizidwa, koma a kuchipatala cha TB ndi dokotala wa impso alankhulane musanayambe, kuti mlingo wa tacrolimus kapena ciclosporin ukwezedwe ndipo magazi aziyezedwa pafupipafupi. Mukamaliza mankhwala a TB mlingowo uyenera kutsitsidwanso. Mankhwala ena amachita zosiyana ndi zimenezi: fluconazole, erythromycin, clarithromycin ndi ma ARV okhala ndi ritonavir amakweza tacrolimus mpaka kufika poononga impso yomweyo. Amene akumwa azathioprine asaphatikize ndi allopurinol, mankhwala a gauti (nthenda yotupitsa ndi kupweteketsa molumikizira mafupa), pokhapokha dokotala wa impso atavomereza.

Mutu kapena msana ukawawa, Panado ndiye mnzanu. Brufen, diclofenac ndi Indocid, amene amagulitsidwa ngakhale pa okala, amaononga impso. Manyumwa ndi madzi ake asiyeni, amakweza mankhwala m'magazi.

Nanga azitsamba? Achibale adzabwera ndi mabotolo, ena a kwa sing'anga, ena ogula m'tauni olembedwa kuti "amakweza chitetezo cha m'thupi". Amatero chifukwa chokukondani, ndipo kukana kumavuta. Athokozeni, koma muwafotokozere kuti chitetezo chanu chikuchepetsedwa dala, ndipo kuchikweza ndiko kuitana thupi kuti likane impso. Palibenso amene angakuuzeni zomwe zili m'botolomo ndi mlingo wake.

Pachipatala chilichonse, ngakhale kokazula dzino, mawu anu oyamba akhale akuti: "Ndinaikidwa impso, mankhwala anga ndi awa."

5. Tsekerani matenda kunja

Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ndi yomwe mlingo umakhala waukulu ndipo ngozi imakhala yochuluka. Pa nthawiyi ambiri amapatsidwanso Bactrim woteteza ku chibayo, ndipo ena valganciclovir woteteza ku kachilombo kotchedwa CMV. Amenewanso musawadumphe.

Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikuukumbukira. Kutsekula m'mimba n'koopsa pawiri kwa inu: kumaumitsa thupi, komanso kumakweza tacrolimus m'magazi. Mkaka uwire, mazira ndi nyama zipse mpaka m'kati, ndipo kanyenya wa pamsewu amene watandala pambalambanda mulekeni. Gonani m'neti usiku uliwonse. Khola la nkhuku ndi la nkhunda asese wina, chifukwa m'zitosi, makamaka za nkhunda, mumakhala tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi. Kudimba valani nsapato ndi magolovesi, pobwera musambe m'manja ndi sopo. Mwana akadwala katsabola kapena chikuku, kapena wina pakhomo akutsokomola kosalekeza, talikiranani naye ndipo dziwitsani dokotala.

Katemera wokhala ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku, wa BCG ndi wa yellow fever amene mayiko ena amafuna kwa apaulendo, si wanu. Katemera wina aliyense funsani kaye. Muziyang'ananso khungu ndi m'kamwa: timadontho takuda kapena tofiirira tomwe tikukula tingakhale khansa ya Kaposi, yomwe imapezeka kwambiri m'chigawo chathu chino.

6. Mimba ikonzedwe

Mayi woikidwa impso akhoza kubereka, koma madokotala amalangiza kudikira chaka chimodzi kapena kuposerapo. Mycophenolate amachititsa padera ndiponso amalumalitsa mwana m'mimba, choncho gwiritsani ntchito njira yolera yodalirika. Mukafuna mwana, dokotala amasintha mankhwalawa kukadali masabata osachepera asanu ndi limodzi musanaime. Mukazindikira kuti mwaima mosayembekezera, musasiye mankhwala nokha, thamangani kuchipatala.

7. Mankhwala asakuthereni

Mankhwalawa amachokera kunja, ndi odula, ndipo ndalama zakunja zikavuta amasowa. Muziwerenga mapilitsi anu kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, ndipo yambani kufunafuna ena mukadali ndi okwanira mwezi wathunthu. Dziwani malo awiri kapena atatu kumene angapezeke. Mukaona kuti akutha ndipo njira palibe, uzani dokotala kusanade, osayamba kudumphitsa masiku kuti akhalitse. Asungeni m'mapaketi awo, pamalo ouma ndi ozizirirapo, kutali ndi dzuwa, moto ndi ana. Paulendo akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wokwezedwa padenga la basi, ndipo tengani oonjezera a masiku angapo.

Zoti musagone nazo pakhomo

Thupi likatentha kufika madigiri 38, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa malungo ndi matenda ena, osangogula LA n'kumamwa. Prednisolone amatha kubisa kutentha, choncho kuzizidwa, kufooka kwachilendo kapena kubanika nazonso n'zokwanira kukunyamutsani. Chimodzimodzi mkodzo ukachepa kapena ukamawotcha, miyendo ndi nkhope zikatupa, sikelo ikakwera m'masiku ochepa, kapena pakamapweteka m'munsi mwa mimba pamene anaika impso. Nambala ya dokotala kapena namwino wa impso ikhale m'foni mwanu, m'foni ya wokusamalirani, ndi pachikuto cha kabuku ka kuchipatala.