Kusintha chowotchera nyama chamagetsi kuti chiziyaka ndi makala

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, gunditsani maginito pabeseni la chowotcheracho. Akamata, ndiye kuti ndi chitsulo ndipo ntchito itheka. Akapanda kumata ndipo beseni likupepuka, ameneyo ndi aluminiyamu, yemwe amasungunuka pa madigiri 660, pomwe makala oyaka bwino amapitirira pamenepo. Chotero chisiyeni. Chisiyeninso ngati beseni kapena miyendo yake ndi yapulasitiki, monga zimakhalira zambiri zoika patebulo.

Chikakhala chachitsulo, zulani pulagi, kenaka chotsani zonse zamagetsi: elementi, nthambo, ndi kabokosi kochepetsera kapena kuwonjezera moto. Zogwirira zapulasitiki nazo zichoke, muikepo zamatabwa kapena zachitsulo. Waya wowotcherapo nyama ngati ndi wopakidwa zoteteza kuti nyama isamate, mutayeni. Zopakazo zimayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri 260 ndipo utsi wake ndi woipa. Gulani waya wamba wachitsulo.

Pagona nkhani ndi apa: makala asakhudze beseni. Chitsulo cha zowotchera zamagetsi chimakhala chopyapyala, chifukwa anachipangira moto wa elementi wokhala m'mwamba. Mukathira makala pansi penipeni, chimapindika, penti imasupuka, posakhalitsa chabooka. Pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni thireyi ya chitsulo chokhuthala mamilimita 2 kapena 3, yocheperako kuposa beseni kuti m'mbali monse mutsale mpata wa masentimita awiri. Aiboole mabowo a mamilimita 10, otalikirana masentimita atatu, ndipo aiike timiyendo ta masentimita 4 kapena 5. Musalole kuti akudulireni lata lofolerera nyumba. Latalo ndi lokutidwa ndi zinki, ndipo zinki akapsa amatulutsa utsi wodwalitsa, womwe udutsa panyama yanu.

Pansi pa beseni thirani mchenga wouma wokwana masentimita awiri. Umateteza chitsulo, umamwanso mafuta odontha.

Tsopano mpweya. Aliyense wodziwa mbaula akudziwa kuti moto umakoka mpweya kuchokera pansi, ndipo chowotchera chamagetsi nthawi zambiri chilibe polowera mpweya wokwanira. Boolani mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi a mamilimita 12 mbali ziwiri zoyang'anana, pamwamba pa mchenga koma pansi pa thireyi. Bowo lodutsira elementi musalitseke, lithandiza. Ngati chili ndi chivindikiro, chibooleninso pamwamba mabowo atatu kapena anayi, apo ayi mukangovindikira moto uzima. Makala akamafuka osayaka, mabowo achepa kapena phulusa latseka thireyi.

Kuchokera pamwamba pa makala kufika pawaya pakhale masentimita 10 mpaka 15. Mabeseni ambiri ndi osaya, choncho waya amakhala pafupi kwambiri ndipo nyama imapserera kunja m'kati ili yaiwisi. Mangani mabawuti aatali anayi m'makona kuti wayayo akwere.

Moto woyamba uyake wopanda nyama kwa mphindi 45 kuti penti yakale ndi mafuta zipse. Pophika, makala akhale mzere umodzi, osaunjika, ndipo akankhireni mbali imodzi kuti mafuta akabutsa malawi musunthire nyama kopanda moto. Yatsani ndi mapepala ndi tinkhuni, osati petulo. Ikani nyama makala akayera phulusa pamwamba. Mabriketi, omwe ndi makala ochita kuumba, amachedwa kuyaka koma amakhalitsa, ngakhale phulusa lawo limachuluka.

Chowotcherachi sichilowanso m'nyumba, ngakhale kugwe mvula yotani. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, womwe umapha m'chipinda chotseka. Chiikeni panja, pasimenti kapena panjerwa, kutali ndi denga laudzu. Mukamaliza musathire madzi pachitsulo chotentha, chimapindika. Dikirani chizizire, muwole phulusa lonse, chifukwa likanyowa limafulumizitsa dzimbiri.