Mphatso ya mwana isankhidwe poona msinkhu wake

Tsiku la ana la pa 1 Juni likamayandikira, kapena nyengo ya Khirisimasi, misika ya ku Ulónguè, ku Zóbuè ndi mumzinda wa Tete imadzaza ndi zidole za pulasitiki zowala ndi zoimba. Zambiri sizikhalitsa. Batire likatha kapena tayala likaguluka, mwana amazitaya, chifukwa chidolecho chimachita zonse chokha, iye n'kumangoonerera. Musanatulutse ndalama, dzifunseni kuti manja ndi mutu wa mwanayo zidzagwira ntchito yanji pa chinthucho.

Mwana wosakwana zaka 3 amadziwa chinthu pochiika mkamwa, ndiye apa yambani mwaganizira za ngozi. Tengani kachubu ka katoni kamene kamatsala pepala la kuchimbudzi likatha. Chilichonse cholowa m'menemo chingamutsamwe. Kokani maso a chidole, mabatani ndi matayala, ndipo zikagwedera chisiyeni. Zidole za nsalu za pa kalamidade (pa kaunjika) zilibe vuto, bola muzichape ndi sopo, ziume padzuwa, muonenso ngati msoko sunamasuke. Chingwe chokokera chisapitirire masentimita 22 kuopa kuti chingazengezeke m'khosi, ndipo chibaluni chikaphulika tolani zidutswa zonse.

Choopsa kwambiri ndi kabatire kozungulira kofanana ndi ndalama yachitsulo. Kakakakamira kummero kamayamba kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Chotsekera chake chikhale chomanga ndi sikuluwu. Mwana akameza, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osayesa kumusanzitsa.

Pamsinkhuwu makapu asanu kapena asanu ndi limodzi olowetsana amaphunzitsa chachikulu ndi chaching'ono. Mukhozanso kupempha kalipentala akudulireni timatabwa 15 kapena 20, mbali iliyonse masentimita 5, tosalazidwa bwino m'makona. Asatipake utoto, chifukwa utoto wina uli ndi mtovu umene umawononga ubongo wa mwana. Timatabwati adzasanja nato nyumba ndi milatho mpaka atayamba sukulu.

Wa zaka 3 mpaka 5 mpatseni makrayoni onenepa, choko ndi kabolodi, timiphika ta masanje, kapena chithunzi chodulidwa choti azilumikiza. Wa zaka 3 zidutswa 6 mpaka 12 zamukwanira, wa zaka 5 angathe 24. Mukhoza kupanga nokha: matani chithunzi cha pa kalendala yakale pa katoni n'kuchidula ndi sizasi. Makolo ambiri amathamangira makope olembamo zilembo, koma zala za mwana wotere zimafuna kaye kulimba pojambula ndi kuumba dongo. Kotentha ngati ku Tete ndi ku Moatize, makrayoni asungeni pamthunzi chifukwa amafewa n'kuthyoka.

Pa zaka 6 mwana amalowa kalasi yoyamba, ndipo apa m'pamene buku limaposa mphatso ina iliyonse. Mwana wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amakula akulankhula Chichewa, koma kusukulu amakumana ndi Chipwitikizi. Ngati thumba lilola, mugulireni awiri: la nthano la m'chilankhulo cha kwathu, limene adzalimve n'kulikonda, ndi la Chipwitikizi la zithunzi zambiri ndi ziganizo zazifupi. Kuwerenga kumagwira msanga m'chilankhulo chimene mwana akumva, ndipo luso lomwelo amapita nalo ku Chipwitikizi. Poyesa buku, mtseguleni tsamba lililonse awerenge. Akaphonya mawu oposa asanu patsambalo, ndi lovuta, ndipo lidzangokhala m'bokosi. Ogula kutsidya, ku Dedza kapena ku Mwanza, atsegule kaye mkati, chifukwa mabuku ambiri a ana kumeneko ndi a Chingerezi. Bukulo lisangoperekedwa. Wina pakhomo, kaya amayi, agogo kapena achemwali ake, azikhala naye mphindi 15 madzulo.

Bawo ndi sukulu ya masamu yokhayokha. Thabwa lake lili ndi mizere inayi ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndi nkhomo 64. Mwana amawerengera mumtima kumene dzanja lake likathere asanatole n'komwe. Nkhomozo zisungidwe m'kathumba, kutali ndi khanda.

Mpira uli ndi manambala: 3 kwa wosakwana zaka 8, 4 mpaka zaka 12, ndipo 5 kwa okulirapo. Wolemera kwambiri umapweteka phazi ndipo mwana amazolowera kumenya ndi nsonga za zala. Gulani limodzi ndi pampu ndi singano yake. Atsikana nawo muwapatse mpira ndi bawo, osati zidole zokhazokha. Wa zaka 8 kapena 9 wokonda kupanga magalimoto a mawaya, mpatseni kapulayala ndi waya wofewa, mumuonetse kupinda nsonga zonse kuti zisamulase m'maso.

Kuyambira zaka 10, mwana mfunseni chimene akufuna. Kumene magetsi kulibe, nyale ya sola imamuwonjezera nthawi yowerenga usiku ndipo imachotsa utsi wa koloboyi. Iyeseni pamalo ogulira, ndipo kachotengera dzuwa kazipukutidwa fumbi kuti kadzaze bwino. Wolowa kalasi 7 amafunika bokosi la kampasi ndi rula, komanso dikishonale ya Chipwitikizi. Njinga ikhale yoti atakhala pachishalo nsonga za mapazi zikhudze pansi. Yogula kuti adzakuliremo imamugwetsa. Foni ndi bwino kuyamba mwadikira, pokhapokha pali wamkulu woyang'anira zimene akuonera.

Kumudzi, msoti wa nkhuku umaphunzitsa zambiri pamodzi. Mpatseni ndi kope lolembamo tsiku limene yayamba kuikira, chiwerengero cha mazira, ndi tsiku limene yayamba kufungatira, kuti awerengere yekha masiku 21 mpaka anapiye aswe. Nkhukuyo ilandire katemera wa chitopa miyezi inayi iliyonse. Akuluakulu agwirizanenso poyambirira kuti siiphedwa kukabwera alendo, ndipo ikagulitsidwa mwiniwake akhalepo ndi kope lake.